Malovu a Bambo Ignasio

Mvula ya Januwale wa 2015 inagwetsa nyumba zambiri ku Bangwe, koma imene inandipatsa ntchito ine ndi ya Lachitatu lina, yomwe inakumba chigwembe kumunsi kwa malo oswera kwale n'kufukula munthu. Amayi oswa miyala ndiwo anamuona m'mawa. Anakuwa, anathawa, kenako anabwerera ndi Bangwe yense kudzaonerera. Mmene ndinkafika ine, Sajeni Salome Maziko wa kunthambi yofufuza milandu, mayi wina anali atayala kale zitumbuwa zake pambali n'kumagulitsa kwa oonerera. Ndinamuthamangitsa, koma anangosunthira pansi pa mtengo wina.

Tinatola mafupa amene tinawaona n'kuwaika m'katoni ya sopo. Zovala zinali zitaola. Panalibe mphete, ndolo kapena kapepala kalikonse.

Mafupa opanda dzina timawapititsa kwa anthu awiri amene sagwirizana pa chilichonse kupatula tiyi. Woyamba ndi a Wahabu, mkulu amene anagwira ntchito zaka makumi atatu kusukulu ya madokotala, kutsuka ndi kulumikiza mafupa ophunzitsira. Alibe digiri, ali ndi tepi ya telala ndi kachitsulo koyezera kooneka ngati pulayala. Wachiwiri ndi Dokotala Sophie Kalemba, amene anaphunzira kunja za DNA, njira yodziwira chibale cha munthu poyeza dzino, magazi kapena malovu.

A Wahabu anayala mafupawo patebulo, lililonse pamalo pake, osafulumira.

"Ndi wamkazi uyu," anatero. "Taonani chiunochi mmene chatambalalira. Mano akumapeto anamera onse, koma fupa la paphewali kunsonga kwake silinagwirane. Zaka makumi awiri ndi ziwiri, kapena zitatu. Sanafike makumi awiri ndi zisanu."

"Ntchito yake?" ndinafunsa mongowayesa.

"Woswa kwale. Mkono wamanja ndi wonenepa kuposa wamanzere, ndiye kuti ankakweza hamala tsiku ndi tsiku. Zala ziwiri izi zakumanzere zinathyokapo n'kupola mokhota. Anadziswa ndi hamala ameneyu, ndipo kuchipatala sanapiteko. Mafupa a m'khosiwa aperepeseka ngati a gogo, chifukwa chosenza miyala pamutu."

Kenako anatembenuza chigaza n'kundionetsa kunkhongo. Panali bowo la ngodya zinayi.

"Fupa louma limasweka ngati bisiketi, mwanawe. Ili linasweka lili laliwisi, mwini wake akupuma. Anamumenya atatembenuka. Wakhala m'dothi zaka zitatu kapena zinayi."

Dokotala Sophie anali ataima pakhomo atapinda manja.

"A Wahabu, zonsezo n'zabwino, koma atsikana oswa kwale ku Bangwe alipo mahandiredi. Khoti silifuna za mwina mwina. Ndipatseni dzino limodzi, Sajeni andipezere malovu a wachibale, labu ya ku Joni itipatsa ansala yeniyeni. Sayansi sinama."

"Sinama, inde," anayankha a Wahabu akupukuta kachitsulo kawo. "Koma imayankha chokhacho chimene mwaifunsa."

* * *

Kumalo oswera kwale aliyense anali atadwala matenda oiwala. Amene sanathe kudziletsa anali amake Onesimo, mayi wonenepa wovala magalasi omangidwa ndi waya. Nditangotchula zala ziwiri zokhota, anaika hamala pansi.

"Iii, asajeni! Ameneyo akhoza kukhala Evelina wa a Ignasio. Tsiku limene anadziswa zala ndinamumanga ndine, ndi nsalu ya mpango wanga. Koma ayi, sangakhale iye, Evelina ali ku Joni. Anathawa ndi mimba ya Dennis, wowotcherera zitsulo ku Chirimba uja. Chinali chaka cha 2011, nthawi ya mizere ya mafuta ija. Atero bambo ake. Ine ndimangomva, sindifuna zokaima m'khoti."

"Ali ndi abale ake?"

"Ndani? Mmodzi yekhayo ngati diso la nkhanga. Mayi ake, a Petronela, anakhala zaka naini pabanja osaona mwana, anthu akuwaseka pachitsime. Anapita kumudzi ku Nsanje kukafuna mankhwala, pobwera ali ndi pakati. Atabadwa Evelina, basi, chitseko chinatsekekanso. Koma musati ndanena ndine."

Ndinalemba zonsezo m'kabuku, ndipo za zaka naini ndinaziona ngati miseche wamba ya amayi.

* * *

Nyumba ya a Ignasio inali yosesedwa bwino, ya maluwa pakhomo. Iwo ndi wapampando wa mphakati, gulu la akhristu a mpingo wawo oyandikana nyumba, ndipo ndi amene amakambirana ndi a malole ogula miyala yoswa akazi awo. Ndi bambo wamtali, wa jekete ngakhale kukutentha, wolankhula mofatsa ngati akuwerenga kalata ya Paulo. Mayi Petronela anakhala pamphasa kumbuyo kwawo akuluka kajuzi ka mwana.

"Mwana wanga ali moyo," anatero a Ignasio. "Amandiimbira foni. Pa Khirisimasi pomwepa anaimba."

"Nambala yake muli nayo?"

"Amabwereka mafoni a anzake. Nambala sizioneka."

"Mayi, inu munalankhula naye liti?"

Mayi Petronela anayang'ana kaye amuna awo.

"Ine ayi. Amaimba abambowa ali kutauni. Akuti amachita nane manyazi chifukwa cha mmene anachokera. Koma amandipatsa moni nthawi zonse. Anabereka mwana wamwamuna, dzina lake Kingsley. Kajuzika n'kake. Chaka chilichonse ndimaluka kokulirapo, kuti tsiku lobwera asadzapeze agogo ake alibe kanthu."

Dokotala Sophie anafotokoza za kuyeza kuja. Anati akatenga malovu pa kathonje, makina akayerekeza ndi dzino, ndipo adzanena ngati mafupawo ndi a mwana wa mwini malovu kapena ayi. A Ignasio anamvetsera mwachidwi.

"Ndiye kuti munthuyo akakhala kuti si magazi anga, makina anena kuti ayi?"

"Eya, bambo."

"Sangalakwitse?"

"Sangalakwitse."

"Chabwino. Yezani, miseche ithe. Mkazi wanga sakudya chifukwa cha pakamwa pa anthu."

Dokotala anang'amba kapepala ka thonje n'kugwada pafupi ndi mayi Petronela. "Ndiyamba ndi amayi, chifukwa a mayi ndiwo amakhala..."

"Nkhabe!" A Ignasio anatambasula mkono pakati pawo. "Ayi, dokotala. Kwathu kuchigwa mwana ndi wa bambo. Ndinalowola ine, ng'ombe zinapita. Mkazi wanga sangayasamule kukamwa pamaso pa alendo ine ndili moyo. Nkhani ya mwana wanga ndiyankha ndine."

Dokotala anandiyang'ana. Pano ndiyenera kuvomera uchitsiru wanga. Ine kwathu ndi ku Chikwawa, ndinakulira m'mawu omwewo, ndipo bambo anga akanalankhula chimodzimodzi. Ndinaona bambo akuteteza ulemu wa nyumba yake, moti ndinawasilira. Ndinagwedeza mutu kuuza dokotala kuti asalimbane nawo. A Ignasio anayasamula okha, asanauzidwe n'komwe. Mayi Petronela anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, kenako anaweramira kajuzi kawo.

* * *

Yankho linabwera patatha masabata asanu ndi atatu. Dokotala Sophie analiika padesiki panga ngati khadi lopambanira.

"Palibe chibale, Sajeni. Ziro. Si Evelina."

A Ignasio anapempha misa yothokoza. Bwana wanga anatseka faelo n'kulemba kuti katoni ija ipite Lachisanu pamodzi ndi mitembo yopanda abale, imene akaidi amakaikwirira m'dzenje limodzi. Kumeneko kulibe mtanda kapena nyimbo, ndipo amene walowako satulukanso ngakhale khoti litalamula, poti palibe angadziwe fupa la yani ndi liti. Linali Lolemba.

Lachiwiri masana a Wahabu analowa muofesi mwanga matope ali mpaka m'maondo, atanyamula sefa ya ufa.

"Mwayamba geni ya mandasi, a Wahabu?"

Sanaseke. Anati zinkawasowetsa mtendere kuti apolisi tinatola mafupa ngati tikutola nkhuni, aakuluakulu okhaokha. Tsono anabwerera kuchigwembe kuja ndipo masiku atatu anakhala akusefa dothi la pamene panagona chiuno. Anatulutsa bokosi la machesi m'thumba n'kulitsegula pang'onopang'ono. Pa kathonje panali timafupa tating'ono ngati ta nkhunda.

"Akanakhala wina akanati ndi ta khoswe. Aka ndi kafupa ka ntchafu, ndakayeza. Miyezi isanu ndi umodzi, kapena isanu ndi iwiri. Sanabadwe, Sajeni. M'dzenje muja munali anthu awiri."

* * *

Dennis ndinamupeza ku Chirimba akuwotcherera geti. Atamva dzina la Evelina anazimitsa makina n'kukweza magalasi akuda pamphumi.

"Madamu, ine za mkazi ameneyo ndinaziiwala. Anandipusitsa heve. Tinapangana tikumane pa siteji tipite kusikelo limodzi, mimba ili siksi manzi. Ndinadikira kuyambira eiti mpaka thwelofu, abwana anga angakuuzeni, anandidula tsiku limenelo. Nditapita kwawo, mdala uja anandiuza pageti kuti wakwera basi ya ku Joni ndi mwamuna wina wandalama, ndipo ndikadzapondanso pamenepo andimangitsa. Basi, ndinangoti zanga zada."

"Anakuimbirapo?"

"Olo kamodzi. Olo kufulasha."

"Kunyumba kwawo kunali mtendere?"

"Mtendere wa chani? Mdala ankafuna amuthamangitse, akuti wamunyozetsa kumpingo. Koma Eve sankaopa. Anali atangobwera kumaliro ku Nsanje, ndiye anandiuza kuti azakhali ake ataledzera anamuuza nkhani. Anati, Dennis, ndili ndi mawu amodzi okha, ndikadzawanena bambo aja sadzanditukwananso. Ndinamufunsa kuti mawu anji, anangoseka."

Anayang'ana bokosi la machesi limene ndinali nditaligwira osadziwa.

"Madamu, mwabwereranji kwenikweni?"

Ndinabweza bokosilo m'thumba. M'mutu mwanga munali mukubwerera zaka naini za amake Onesimo.

* * *

Dokotala Sophie ndinamupeza akudya chipisi padesiki.

"Dokotala, ndiwerengereni pepala lija mmene analembera, osati mmene munandiuzira."

Analitulutsa monyinyirika. "Likuti mwini malovu si bambo wa mwini dzino."

"Dzina la Evelina lilipo?"

"Makina sadziwa mayina, Sajeni."

"Ndiye amene ananena kuti si Evelina ndani?"

Anasiya kutafuna. Anawerenganso pepalalo, ndipo ndinaona manyazi akumukwera kuchokera m'khosi. Ndi mkazi wanzeru, sindinafunike kubwereza.

"Ndinanena ndine," anatero motsitsa. "Mayi ndiye sakayikitsa, n'chifukwa chake timayamba ndi mayi. Ndinkadziwa zimenezi. Ndinalola bwanji?"

"Tinalola tonse. Tinachita ulemu."

Anati zotsatira za dzino zilipo kale kulabu, chofunika ndi malovu a mayi basi. Koma bwana sakanaimitsa lole ya mitembo ya Lachisanu chifukwa cha maganizo a sajeni. Ankafuna kathonje konyowa m'envulopu, ndi siginecha ya mwini wake wopereka mwakufuna kwake. Ndipo tonse tinkadziwa tanthauzo la siginecha imeneyo. Malovu a mayi Petronela akagwirizana ndi dzino limene linakana a Ignasio, Bangwe yense adzadziwa kuti mkazi wa wapampando anabereka mwana wa mwamuna wina.

* * *

Lachinayi ndinawapeza mayi Petronela ali okha kuseri kwa mulu wa miyala. Ndinakhala pansi pambali pawo, yunifomu yanga ikudya fumbi.

"Mayi, tsiku lija munkafuna kunena kanthu."

Anapitiriza kuswa. Mwala unasweka, anatenga wina.

"Mawa mafupa aja akukatayidwa ndi akaidi. Ngati si Evelina, palibe kanthu. Ngati ndi iye, mudzakhala mutamutaya ndinu."

Ndikudziwa kuti anali mawu ankhanza. Ndinawasankha dala, ndipo ndikanakhala ndi ena oposa pamenepo ndikanawanena.

Hamala inaima.

"Mwana wanga, iwe ndiwe wakuchigwa, ukudziwa. Banja likakhala lopanda mwana, akuluakulu amayang'ana kuti vuto lili kwa yani. Likakhala kwa mwamuna, amapeza munthu wina mwachinsinsi, amene timamutchula kuti fisi, kuti alowe m'nyumba m'malo mwake. Apongozi anga ndi alamu anga aakazi ndiwo anakonza. Anandilumbiritsa kuti mwana wawo asadzadziwe mpaka imfa, akadzadziwa adzadzimangirira. Masiku atatu okha. Nkhope ya munthuyo sindiifuna n'kuikumbukira komwe."

"Ndiye pepala litabwera munadziwa kuti silikutanthauza kanthu."

"Ndinadziwa." Misozi inkadula mizere m'fumbi la kumaso kwawo. "Ku misa yothokoza ndinaimba nawo. Ndinavina, mwana wanga. Ndinkati, abambo amalankhula naye pafoni, ndiye ali moyo, nanga ndiululirenji chinthu chopha mwamuna wanga pachabe? Zaka zoposa makumi atatu ndi zisanu wandisunga."

"Ku Nsanje kuja, anakuuzani kuti mupite ndani?"

"Abambo. Anandikweza okha sitima ku Limbe."

"Iwo anatsala?"

"Anati kuntchito awakaniza."

"Mutabwera ndi pakati, patatha zaka naini, anafunsapo kuti mankhwala ake anali otani? Anapitako kukathokoza sing'anga? Evelina atabadwa, anadandaulapo kuti wachiwiri sakubwera?"

Anaika hamala pansi.

"Sanafunsepo," anatero. "Olo tsiku limodzi."

Pamenepo ndinatulutsa bokosi la machesi n'kulitsegula. Mayi amene anasenzapo mimba sachita kuuzidwa. Anatambasula chala, osakhudza, kenako anagwira pakamwa ndi manja onse awiri n'kuyamba kugwedezeka uku ndi uku popanda mawu. Ndaona anthu ambiri akulira pantchito yanga, koma kulira kopanda mawu kumeneko kunandidwalitsa.

Atatha anapukuta kumaso ndi chitenje.

"Mubwere mawa m'mawa kunyumba," anatero. "Abambo akhalepo. Sindichitira kuseri kachiwiri."

* * *

Tinafika eiti koloko, ine, dokotala, a Wahabu ndi apolisi awiri amene ndinawasiya pamsewu. Galimoto ya polisi ku Bangwe ndi belu la tchalitchi, moti tisanakhale n'komwe mitu inali itandanda pampanda. A Ignasio anatilandira pakhonde atavala jekete yawo.

"Nkhani ija sinathe kodi, asajeni?"

"Yatsala pang'ono, bambo. Tikufuna malovu a mayi."

"Ndinanena kale. Mkazi wanga..."

"Ndipereka," anatero mayi Petronela. Sanakhale pamphasa tsiku limenelo. Anaima pakhomo. "Abambo, ndikhululukireni. Ndakubisirani chinthu zaka zonsezi. Evelina si magazi anu. Amayi anu ndi achemwali anu anandilowetsera munthu ku Nsanje. N'chifukwa chake makina anakana."

Pampanda wina anati "Hii!" A Ignasio sanagwe, sanadzimangirire. Anayang'ana anthu a mphakati wawo pampanda paja, kenako anatembenukira mkazi wawo mwaukali.

"Tseka pakamwa, chitsiru! Ukuyalutsa nyumba yanga pamaso pa anthu?"

"Ndinalakwa, abambo. Simunkadziwa, ine ndinka..."

"Sindinkadziwa? Iwe ukuganiza kuti tambala wopatsa munthu uja anagula ndani? Anamusankha ndani? Ukuyesa amayi anga akanachita chinthu m'nyumba mwanga ine osalamula? Ndinakuchotsa manyazi a uchumba, lero ukundibwezera chonchi!"

Ndinatsegula kabuku kanga.

"Bambo Ignasio, ndiye kuti tsiku lija munkayasamula mukudziwa kuti makina akana, kaya mafupa ndi a Evelina kaya si ake."

Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti azindikira pamene aponda.

"Munthu amene mwana wake ali moyo ku Joni saopa malovu a mkazi wake," ndinapitiriza. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Foni yanu tikaitengera kukampani, atipatse mndandanda wa onse amene anakuimbirani pa Khirisimasi. Mukufuna tidikire zimenezo, kapena munena nokha?"

Mayi Petronela anayandikira amuna awo mpaka kuwagwira jekete.

"Moni uja ankandipatsa ndani, abambo? Zaka zinayi. Ankandipatsa ndani?"

A Ignasio anakankha dzanja lawo ngati akuchotsa mphemvu.

"Ndinamudyetsa," anatero, ndipo mawu ofatsa aja anali atatha. "Mwana wa mwini, ndinamudyetsa zaka makumi awiri ndi zitatu, ndinamupatsa dzina langa, ndinamubatiza. Ndinamutsatira kumiyala m'mawa anthu asanafike, kukamuuza kuti achoke pakhomo panga ndi mimba yake yapatchire. Mukudziwa chimene anandiyankha? Anati, inu mukudziwa chiyani za mimba, munaperekapo? Anaseka! Kenako anatembenuka n'kumapita, kundisiya ine ndili chiimire ngati galu. Hamala inali pomwepo."

"Ndiye za foni munayambiranji?"

"Uyu ankalira usana wonse, osaswa miyala, osaphika. Ndinamupatsa mdzukulu kuti akhale chete. Ndipo anakhaladi chete. Sindinamuchitire chifundo pamenepo?"

Apolisi anga anawagwira mikono. Akudutsa pabwalo anatembenuka.

"Petronela, banja latha. Kwathu usadzapondeko, ndipo mafupawo manda a kwathu sadzawaona. Ukawakwirire kwa bambo ake, ngati ukudziwa kumene ali."

Mayi Petronela anatembenukira kwa dokotala. Anakhala pansi pakhonde n'kuyasamula, ndipo Dokotala Sophie anapukuta m'tsaya mwawo ndi kathonje. Kulemba sadziwa, choncho anadinda chala. Ndinaimbira bwana pomwepo kuti katoni ya sopo itsitsidwe mulole. Anati inali itakwezedwa kale, koma aitsitsa.

"Adzandipatsa liti mwana wanga?" anafunsa mayi Petronela.

"Pakatha miyezi iwiri, mayi. Yankho likabwera."

Anagwedeza mutu. Kenako anatembenukira kwa a Wahabu, amene anali atakhala pa njerwa chipewa chili m'manja.

"Achimwene, inu amene mumawerenga mafupa. Kam'bokosi kaja. Abambo aja anandiuza kuti ndi wamwamuna. Nalonso linali bodza?"

A Wahabu anaweramitsa mutu. "Pamsinkhu umenewo fupa silinena, mayi. Tepi yanga yalephera."

"Makina angathe," anatero Dokotala Sophie motsitsa. "Sindikulonjeza, timafupato ndi tating'ono. Koma ndiyesa."

"Yesani. Ndikufuna ndidziwe amene ndikumulira."

Ndinatuluka kupita kugalimoto. Anthu a pampanda anandipatukira njira. Anali anthu a mphakati, omwe anaimba nawo pa ubatizo wa Evelina, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene analowa kukakhala pansi ndi mayi uja. Podutsa ndinamva zimene ankanong'onezana. Za Evelina sankazitchula, za hamala ngakhale pang'ono. Ankafunsana kuti mwamuna wa ku Nsanje uja anali ndani, ndipo ngati a Petronela azipitabe kukalandira ukalistia.